Kodi Mnzathuyu Akubera mu Ligi Yathu ya pa Intaneti?

FUNSO: Akonzi, ndimasewera mu ligi ya pa intaneti ya gemu ya mpira ya EA Sports FC, ndipo pali mnzathu wina amene watisowetsa mtendere. Zigoli zake zambiri amagoletsa m'njira imodzimodzi, mpira ukangoyambika pakati, ndipo akaona kuti akugonja, netiweki imaduka masewero asanathe. Anzanga akuti timuchotse mu ligi. Kodi kumeneku ndi kubera? — Wowerenga wokhumudwa

YANKHO: Mwatchula nkhani ziwiri zosiyana, ndipo mukaziphatikiza mudzagamula mlanduwu molakwika. Kugoletsa mpira ukangoyambika ndi kupezerapo mwayi pa chofooka cha gemu yeniyeniyo. Kuyambira kale, gemuyi idakali kutchedwa FIFA, osewera akhala akudandaula kuti otchinga kumbuyo amachita ngati agona pa nthawi imeneyi. Mnzanuyo sanasinthe kalikonse mu pulogalamu, ndipo zimene akuchitazo inunso mungathe kuzichita. N'zotopetsa ndithu, ndipo ine sindizikonda, koma ngati malamulo a ligi yanu sanaziletse, simungamulange nazo lero. Khalani pansi mulembe lamulo limene lidzayambe kugwira ntchito sizoni ikubwerayi.

Za netiwekizo ndiye nkhani yaikulu. Alipo anthu amene amazula chingwe cha intaneti kapena kuzimitsa rauta mwadala akaona kuti zinthu zavuta, pomwe ena amachedwetsa netiweki kwa kamphindi chabe, moti osewera a mnzawo amangoima njii pa sikirini, iwo ali pa liwiro kulunjika ku golo. Kumeneku ndi kubera kopanda kuchitira mwina. Komabe netiweki imadukanso payokha, choncho kukwiya kwanu si umboni. Jambulani masewero onse amene mukusewera naye, ndipo lembani mphindi imene netiweki yadukira komanso mmene zigoli zinalili. Mukapeza kuti imaduka pokhapokha iye akamagonja, osati akamatsogola, mudzakhala ndi chogwirika chopita nacho kwa woyendetsa ligi.

Onani mmene akuluakulu a Formula E, mpikisano wa magalimoto othamanga oyendera magetsi, anachitira mu 2020, pamene mipikisano yawo inkachitikira pa kompyuta chifukwa cha mliri wa Covid-19. Madalaivala anzake anakayikira kuti Daniel Abt sanali kuyendetsa yekha galimoto yake, koma chilango sichinaperekedwe chifukwa cha mphekesera. Okonza mpikisano anafufuza adiresi ya IP, nambala imene imasonyeza kumene kompyuta yalumikizidwira pa intaneti, n'kupeza kuti katswiri wina wa magemu ndiye ankamuyendetsera. Abt anachotsedwa pa zotsatira za mpikisanowo, analamulidwa kupereka mayuro 10,000 ku ntchito zachifundo, ndipo kampani ya Audi, imene ankaiyendetsera galimoto, inamuimitsa.

Ngati mukukayikira kuti akugwiritsa ntchito pulogalamu yobera pa kompyuta, kanenezeni ku EA, eni ake gemuyi, amene anaika pulogalamu yogwira obera ya EA AntiCheat mu FIFA 23 mu 2022, chifukwa inuyo mulibe zida zofufuzira zimenezo.

Musamutchule kuti ndi wakuba pa gulu la osewera onse, pakuti dzina la munthu likaipa silichedwa kufalikira m'maligi ena. Perekani mavidiyo anu mwamseri kwa woyendetsa ligi, ndipo mnzanuyo apatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Pemphaninso kuti ligi ikhazikitse lamulo lakuti netiweki ikaduka, masewero aziyambiranso pa mphindi zotsalazo zigoli zili momwe zinalili, ndipo amene yamudukira kawiri akugonja azimuwerengera kuti waluza 3-0.