Mdzukulu, History si kuloweza zaka ayi

Uthenga wako ndaumva mdzukulu, wandiwerengera ndi msuweni wakoyu poti maso angawa tizilembo ta pa foni sakutionanso, ndipo ndi yemweyu akutayipa ine ndikungoyankhula, ndiye pena pakakhota mlandu ndi wake. Ukuti dzina lako latuluka pa selekishoni ya NCHE, ukupita ku Zomba, koma kosi imene akupatsa phunziro lake lalikulu ndi History pomwe iwe maso anali pa Law kapena Economics. Atsibweni ako akuti anangofunsa kuti "mbiriyo ndiye uzidzadya?" n'kunyamuka, anzako akukuseka kuti ukukaphunzira za anthu akufa, ndiye ukufunsa ngati n'kwabwino kuwakana malowo ukabwereze Fomu 4.

Usakane. Malo a ku yunivesite ya boma sakanidwa ngati nsima yadzulo, alipo anzako akhoza bwinobwino koma ali pakhomo chaka chachitatu akudikirabe. Ndipo atsibweni akowo usawayankhe pa WhatsApp ndi timawu tachizungu, ndi eni mbumba amenewo, fizi ikavuta kapena loni ikachedwa udzagogoda pa chitseko chawo chomwecho. Upite wekha, ukhale pansi, uwapatse moni wabwino, anene nkhawa zawo mpaka atsirize. Akuopa kuti ungadzabwere ndi pepala n'kumakhala pakhonde, ndipo mantha amenewo si opusa, ndibwerako pa nkhani imeneyo. Koma poyamba ndikuuze chimene ukukaphunzira, chifukwa ndikuona kuti iwenso mwini wake sukuchidziwa.

Ku sekondale munkaloweza. Dr Livingstone anafika pa nyanja 1859, Fedulo inayamba 1953 inatha 1963, ufulu 1964, Republic 1966, kulemba pa mayeso kukhoza basi. Ku yunivesite lekichala sadzasangalala chifukwa wakumbukira chaka, zaka zili m'mabuku aliyense atha kutsegula. Adzakufunsa kuti zimenezi wanena ndani, iyeyo anazidziwa bwanji, analipo kapena anangomva, nanga ponena ankafuna kupezapo chani. Unayamba wakhalapo pa bwalo mfumu ikuweruza mlandu wa malire a munda? Uyu akuti malire ndi chulu, uyo akuti ndi mtengo wa mango umene anabzala agogo ake, mboni imodzi ndi mlamu wake wa wodandaulayo, ina inali ku Joni nthawi imeneyo koma ikulumbira ngati inaona. Nyakwawa yanzeru sithamanga, imamva onse, imapita kukaona pamalopo, kenako n'kunena kuti apa tikutsimikiza, apa tikungoganiza. History ya ku yunivesite ndi imeneyo, kungoti mboni zako zambiri zinagona kale ndipo sungaziitanenso kuti zibwereze.

Tenga nkhani ya John Chilembwe imene mumaitchula pa 15 January paliponse ndipo nkhope yake mumayenda nayo m'thumba pa ndalama. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anapita ku Magomero, ku esiteti ya A. L. Bruce, n'kupha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wachizungu amene anthu ankamudandaula pa nkhani ya thangata ndi kuwotcha matchalitchi. Pa 3 February Chilembwe anaphedwa, tchalitchi chake cha ku Mbombwe anachigwetsa. Mpaka apa palibe wotsutsa. Tsono funsa kuti mumtima mwake ankafuna chani, kulanda dziko, kapena kufa kuti azungu amve kuti anthu atopa? Mwini wake anasiya zolemba zochepa, yodziwika ndi kalata ija ya mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Zambiri zimene tili nazo analemba ndi boma lomwe linamupha, ndi mawu a anthu amene ankafunsidwa chingwe chili pafupi ndi khosi. Munthu woti mawa apachikidwa anganene zonse? Ndiye kumudzi ku Chiradzulu kunalinso nkhalamba zimene zinkanenetsa kuti sanafe anathawa. Wophunzira History amayala zonsezi pamphasa n'kumayeza chimodzichimodzi, sataya pepala la mzungu chifukwa ndi la mzungu, sameza mawu a gogo chifukwa ndi gogo.

Mwayi wako ndi wakuti Zomba yomweyo ndi kumene kuli National Archives, nyumba yosunga mafayilo akale a boma, inayamba mu 1947. Ukalowemo chaka choyamba chomwe, usadikire kuti akutume. Muli makalata a ma DC, mabuku a msonkho, milandu, nyuzipepala zakale, pepala lake lachikasu lonunkha fumbi. Koma udziwe kuti mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za atsamunda anathera pa moto umenewo. Ndiye pali zaka zimene pepala lili chete, ndipo ngakhale pamene likuyankhula limanena za msonkho ndi fodya ndi thonje, za mayi amene anali pamtondo silimudziwa.

Apa ndi pamene ine ndimaikonda nkhani ya njala ya 1949. Ine ndinali wakhanda kumbuyo, amayi anga ndiwo ankandiuza kuti mvula inadula chimanga chili m'mawondo, anthu kumadya mizu ndi gaga, ena kuyenda mitunda kukasuma. Mafayilo a boma amakamba za matumba a chimanga ndi malo ogawira phala. Koma mayi wina wachizungu, Megan Vaughan, amene anaphunzitsapo pa Chancellor College pomwepo, anapita m'midzi ya ku Blantyre kukamvera nyimbo zimene amayi amaimba posinja, ndipo m'nyimbomo ndi m'mene munatuluka zimene mafayilo sananene, zoti amuna ambiri anachoka ati kukafuna chakudya osabwereranso, kusiya akazi ndi ana. Amuna ukawafunsa ankanena za maulendo awo ataliatali, akazi ankaimba za kuthawidwa. Njala imodzi, nkhani ziwiri. Ine amayi anga nyimbo zoterozo ankaimba ndithu ndili pomwepo, koma ndinkangoti ndi nyimbo za pamtondo, sindinalembe ngakhale imodzi, ndipo ndinali mphunzitsi wokhala ndi choko ndi makope. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndipo usaganize kuti zapakamwa n'zosathandiza pa zaka. Angoni a Zwangendaba ankasimba kuti tsiku limene ankaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri anawerengera kadamsana n'kupeza kuti kunachitikadi mu November 1835. Nkhalamba zosadziwa kalendala zinasunga tsiku, ophunzira n'kudzangoikapo nambala.

China chimene anzako akukusekawo sakudziwa n'chakuti phunziro limeneli linali loopsa m'dziko muno, ndipo chinthu chopanda ntchito boma silichiopa. Ine ndaphunzitsa nthawi ya Kamuzu. Pambuyo pa chisokonezo cha nduna cha 1964, maina a Chipembere, Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza sankatchulidwa, ukatchula uzinena kuti zigawenga. Anthu amene anamuitana Kamuzu kuti abwere mu 1958, amene anamangidwa naye limodzi mu 1959, tinkaphunzitsa ngati sanabadwe. Tsiku lina kamnyamata ka Sitandade 8 kanaimika mkono n'kufunsa kuti aphunzitsi, kodi Ngwazi inathyola chitaganya yokhayokha, panalibe oithandiza? M'kalasi munangoti zii. Ine thukuta kumsana, poti sumadziwa kuti mwana uti bambo ake ndi a chipani. Ndinangoti tsegulani masamu. Mwana uja anandiyang'ana, anadziwa kuti ndathawa. Za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anafera ku Mwanza mu 1983, a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga, wailesi inati ngozi ya galimoto, tonse tinangogwedeza mitu, zoona zake zinadzamveka poyera titavota kale pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Iwe ukukaphunzira poti pakamwa n'potsegula, ukhoza kufunsa funso la kamnyamata kaja lekichala n'kukuyankha.

Tsono za khalidwe, poti n'zimene ndimadziwa kuposa za mabuku. Chaka chomaliza adzakutuma kukachita kafukufuku, mwina udzasankha za ufumu wa kwanu, za amuna amene ankapita ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, za chinamwali, kaya za chani. Usadzafike m'mudzi ngati wa kalembera. Uyambe kwa amfumu, unene kuti ndiwe mwana wa yani, wachokera kuti, ukufuna chani. Uvale chitenje, buluku lako lisiye ku hositelo. Pakhomo pa munthu wamkulu umaodira, akakupatsa mpando iwe khala pamphasa, kashuga ndi kasopo m'manja, osati ngati malipiro koma poti kwa agogo sapita chimanjamanja. Foni usaitulutse msanga n'kuwaloza nayo kukamwa, upemphe kaye kuti agogo ndingajambule mawu anu, akakana lemba pamanja. Ndipo nkhalamba siyankha molunjika, uifunsa za Wenela iyamba za ng'ombe imene inafa chaka cha dzombe, usaidule, kuona maso a nkhono n'kudekha, zenizenizo zimabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu akaona kuti sunabwere kudzawaseka.

Pali zina sungafunse. Za kudambwe ngati si iwe wolowa usazikakamize, za kutsimba chimodzimodzi, digiri si chiphaso cholowera paliponse. Ndiye pali zina adzakuuza okha koma zolemera. Dziko lino linadutsa mu ukapolo, kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa Mlozi ku Karonga amene anapachikidwa mu 1895, ndi m'midzi mwathu momwemu anthu ankagwirana n'kumaperekana pa milandu. Gogo akhoza kukunong'oneza kuti banja lakuti lija agogo awo anachita kugulidwa. Ukakaika zimenezo pa Facebook ndi maina wayatsa moto umene sudzauzima, maukwati atha, ufumu ulimbanirana. Pa nkhani za ufumu samala kwambiri, mbali iliyonse idzakupatsa mndandanda wa makolo wokomera iyo, ndipo ena adzafuna pepala lako akalitengere kwa DC ngati umboni.

Ndiponso ukadzabwera pa holide usadzatikonze pagulu. Alipo mnyamata wina kuno anangophunzira teremu imodzi, pamaliro akulu akufotokoza za kumene mtundu wathu unachokera iye n'kuimirira kuti zimenezo ndi nthano chabe mabuku sakutero. Anthu anangomuyang'ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wamkulu amamuuza kanthu. Mwina pena ankanena zoona, koma anadzitsekera yekha laibulale. Ukamva zosiyana ndi za m'buku, funsa mwaulemu kuti agogo zimenezi munamva kwa yani, ulembe, ukayeze uli wekha.

Za ntchito sindikunamiza, n'zovuta, ndipo n'zovuta kwa a digiri iliyonse masiku ano. Ambiri a History amakaphunzitsa ku sekondale, ndipo ngati pali mpata wotengako maphunziro a uphunzitsi usaunyoze. Ena amalowa ku Archives, ku nyumba zosungira zakale ngati ya ku Chichiri kapena ya ku Karonga, ena utolankhani, ena m'maofesi a boma, ena m'mabungwe amene amafuna munthu wodziwa kufunsa anthu m'midzi n'kulemba lipoti lomveka. Amene wakhoza bwino amapitiriza Masters n'kudzakhala lekichala, a Kings Phiri ndi a Owen Kalinga anayamba ngati iwe, wina n'kuzama pa za Achewa wina pa za Angonde. Chimene udzagulitse pamsika ndi kuwerenga chinthu chachitali n'kuchimvetsa, kulemba zomveka, ndi kusanamizika msanga. Ndiye asainimenti uzilemba wekha, izi ndikumva zoti mumangouza kompyuta kuti ikulembereni, ukatero udzatuluka ndi pepala lopanda munthu mkati. Uphunzireko Chiyao kapena Chitumbuka kwa anzako a m'chipinda, ndipo ukapeza mpata wa Chipwitikizi usausiye, chifukwa zakale za Amaravi zolembedwa zambiri analemba ndi Apwitikizi a ku Tete, monga nkhani ya ulendo wa Gaspar Bocarro amene anadutsa kuno mu 1616.

Atsibweni akowo ukawauze zimenezi pang'onopang'ono, ndipo uwafunseko za bambo awo amene anapita ku Wenela, uone ngati sakhala pansi n'kuyamba kusimba mpaka nsima kuzizira. Ukatero ubwere kuno usanapite ku Zomba. Achemwali anga aakulu aja akadalipo, njala ya 49 anaiona ndi maso ali kamtsikana kotha kusinja, nyimbo zina za amayi akuzikumbukirabe koma chifuwa chikuwavuta chaka chino ndipo mawu ayamba kutsika. Ubwere ndi kope, foni yotchaja bwino poti magetsi kuno ndi a mwayi, ndi shuga wa paketi imodzi, tiyi amamwa wotsekemera kwambiri.