Kusintha mapaipi a oil cooler pa L200 pakhomo

Achimwene, mwati Mitsubishi L200 yanu, ija ya mtundu wa K74 ya injini ya dizilo ya 4D56 yokhala ndi turbo, ikusiya madontho a oilo wakuda kutsogolo paliponse pamene mwaimika, mapaipi opita ku oil cooler (choziziritsa oilo wa injini) anyowa, ndiye mukufunsa ngati mungawasinthe nokha pakhomo. Mungathe ndithu. Ndi ntchito ya maola atatu kapena anayi mabawuti akapanda kukana. Chimene chimalowetsa anthu m'mavuto apa ndi manja olemera, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene mugwire ndi chofewa: cooler ndi ya aluminiyamu, mawashala ndi amkuwa, mabawuti ake ndi amphako.

Musanagule kanthu, tsimikizani kuti olakwa ndi mapaipiwo. Oilo amayenda ndi mphepo, amakanyowetsa malo amene sanachokereko. Tsukani mbali yonseyo ndi palafini ndi burashi, pukutani pauma, kenaka yendani ndi galimoto mphindi 20 kuti itenthe bwinobwino. Kutenthaku n'kofunika. Injini imeneyi ili ndi valavu imene imalola oilo wozizira kudutsa chidule osazungulira ku cooler, ndipo imatseka njira yachiduleyo oilo akayandikira madigiri 100. Mukangoliza injini mphindi zitatu pabwalo n'kusuzumira, mutha kunena kuti zonse zili bwino pamene sizili choncho. Ikatentha yang'anani ndi tochi pamene payambira kunyowa. Paipi yotha imachucha malo atatu: pamene labala wapanidwa ndi chitsulo, pa chitsulo pamene padya dzimbiri makamaka pansi pa tizomangira, ndi pamene yakhala ikukhuzana ndi chasisi. Koma 4D56 ili ndi ena okonda kudontha chapafupi: fyuluta yosamangidwa bwino, kapaipi ka oilo kopita ku turbo, timapaipi ta vacuum pump imene ili kumbuyo kwa alternator, ndi silo ya kutsogolo kwa crankshaft. Ngati oilo akutuluka m'kati mwa chivundikiro cha timing belt, iyo ndi nkhani ina ndipo ndi yofulumira kuposa iyi, poti oilo amadya malamba awiri amene ali mmenemo. Ndipo ngati galimoto ndi ya automatic, madontho ofiira atha kukhala a giyabokosi.

Zogula: mapaipi onse awiri, wopita ndi wobwera. Anabadwa tsiku limodzi, winayo sakhalitsa. Mawashala amkuwa atsopano, awiri pa bawuti iliyonse yamphako, ija amakaniko amati banjo. Werengani mabawutiwo pa galimoto yanu musanapite ku shopu, muonjezere mawashala awiri apadera poti imodzi imagwera m'fumbi nthawi zonse. Fyuluta yatsopano, ndi oilo wa dizilo wa 15W-40 malita 7. Injini imadya opitirira pang'ono malita 6, wotsalayo ndi woonjezera cooler ikadzaza.

Mapaipi a Mitsubishi enieni akasowa kapena akakwera mtengo, tengani akalewo mupite nawo kwa opanga mapaipi a hydraulic akakupanireni labala watsopano pa mitu yomweyo, ngati mituyo ilibe dzimbiri. Kumeneko nenani zinthu ziwiri momveka. Choyamba, bowo la m'kati likhale lofanana ndi lakale, osati locheperapo, chifukwa paipi yopapatiza imamana injini oilo. Chachiwiri, labalayo akhale wopirira oilo wa injini wotentha mpaka madigiri 150. Paipi wamba ya hydraulic imapirira pulesha yaikulu kwambiri koma kutentha kwake kumalekeza pa 100, ndiye pamalo pano imauma n'kuyamba kung'aluka msanga. Za kudula paipi ya petulo kapena ya madzi n'kuimanga ndi makilampu, iwalani. Mmawa oilo akadali wolimba pulesha imatha kufika 5 bar (muyezo wa pulesha) kapena kuposa. Paipi yotere ikavuka muli pa liwiro, sampu, mosungira oilo kunsi kwa injini, imauma musanapeze n'poimika pomwe, ndipo nyali yofiira ikamayaka injini imakhala itayamba kale kunoka. Mapaipi a ku mabwinja a galimoto nawonso ndi okalamba ngati anuwo.

Madzulo a tsiku loyamba thirani WD-40 pa mabawuti onse anayi a kumapeto ndi pa tizomangira, mugone. Mmawa imikani pamalo athyathyathya, handibuleki, miyala kumatayala akumbuyo, chotsani waya wa negative pa batire. L200 ndi yaitali mokwanira kulowa pansi osaikweza; mukaikweza ikhale pa masitandi, jeke yokha musaikhulupirire. Chotsani chitsulo chotchinga kunsi kwa injini ndi grille kuti muione cooler kutsogolo kwa rediyeta. Jambulani ndi foni mmene mapaipi ayendera, ndipo mangani kansalu pa paipi imodzi ndi pa khomo lake kuti musadzasinthanitse. Khuthulani oilo injini ili yofunda, osati yootcha, muchotsenso fyuluta kuti manja apeze malo. Tsukani mozungulira mabawuti musanamasule. Mchenga wolowa pamenepo umakathera m'mabeyaringi.

Yambani ndi mbali ya injini, pafupi ndi fyuluta. Gwiritsani sokete ya makona 6 kapena sipanala ya ring'i yokwana bwino, shifting ayi. Ikani beseni, mutuluka oilo wina wotsalira m'mapaipi.

Tsono mbali ya cooler, apa ndi pamene ntchito imaonongekera. Bawuti yachitsulo ikakhala zaka m'mazinga a aluminiyamu imagwirana nawo, ndipo mukangokoka ndi dzanja limodzi, mutu wa cooler umapotoka kapena kung'ambika pamene unaotcheredwa. Pamenepo mwagula cooler yatsopano. Sipanala zikhale ziwiri: ina yagwira mutu wa cooler kuti usasunthe, inayo ikumasula, zogwirira zake zili moyandikana kuti muzingozifinya ndi dzanja ngati mukutseka pulayazi. Ikakana, menyani pang'onopang'ono pamutu pa bawuti ndi kahamala kakang'ono, thiraninso WD-40, dikirani. Ikamasuka pang'ono n'kulimbanso, bwezerani m'mbuyo, kenaka kutsogolo, choncho choncho mpaka itatuluka. Ikakanitsitsa, masulani cooler yonse pamodzi ndi mapaipi ake mukalimbane nayo pa tebulo pamene mukuona bwino. Moto wa gasi usayandikire, m'katimo muli oilo.

Cooler ikakhala poyera, ikhuthuleni, mutsuke matope ndi tizilombo m'tizitsulo take topyapyala ta kunja ndi madzi opanda mphamvu. M'kati musathiremo madzi. Tsekani makomo ake ndi kansalu koyera podikira.

Pobwezera, paipi yatsopano idutse njira yeniyeni ya yakale. Washala imodzi pansi pa mutu wa bawuti, ina pakati pa mutu wa paipi ndi pokhalira pake. Onetsetsani kuti yakale sinakakamire pamenepo, poti mawashala awiri osanjikizana amadontha. Bawuti iliyonse ilowe ndi zala zokha maulendo atatu kapena anayi. Ikalimba pa ulendo woyamba ndiye kuti yalowa mopingasa, ibwezeni. Lowetsani mbali zonse momasuka, mangani tizomangira, ndiye pomaliza limbitsani mabawuti, mutagwira mutu wa paipi kuti usazungulire limodzi ndi bawuti n'kupotokola labala. Muli ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, tsatirani nambala ya m'buku la galimotoyo. Mulibe, mangani mpaka mumve mkuwa ukuphwanyika pang'ono, basi lekani. Bawuti yamphako imaduka pa bowo lake lam'mbali. Selotepu ya mapaipi a madzi ndi silikoni zisafike pano. Chotseka ndi washala, ndipo nyenyeswa za silikoni zimakatseka tinjira ta oilo. Washala yatsopano ikasowa ndithu, yakale yosaphwanyika kwambiri iotcheni mpaka ifiire, muiponye m'madzi, muisalaze pa sandipepa wosalala. Imafewanso. Koma iyi ndi njira ya kumudzi kopanda shopu.

Yendetsani chala m'mbali mwa paipi yonse: pasakhale pokhudza chasisi, lamba, fani kapena ekizozi. Injini imagwedezeka pa mipando yake, choncho labala asakhale wokokeka ngati chingwe cha gitala.

Ikani fyuluta mutapaka oilo pa labala wake, thirani oilo mpaka pa mzere wapamwamba, bwezerani batire. Ngati pampu ya dizilo ili ndi waya woonekera wa stop solenoid, kaswichi kamene kamatseka dizilo, uchotseni kuti injini isalire, muzungulitse sitata masekondi 10, kupuma, 10 ena, mpaka nyali ya oilo izime, ndiye muubwezere. Pa galimoto zokhala ndi immobiliser, chotchinga akuba, wayayo ndi wobisika. Ingolizani osaponda mafuta, ndipo nyali ikapanda kuzima m'masekondi 5 zimitsani. Isiyeni ilire mphindi zingapo mukusuzumira pansi, kenaka muyende nayo mphindi 20 zija kuti valavu itumize oilo yense ku cooler. Pobwera pukutani polumikizira paliponse ndi tishu yoyera, zimitsani, dikirani mphindi 5, yezani oilo. Mupeza watsika, cooler yamwa gawo lake, onjezerani. Usiku umenewo yalani katoni pansi pa galimoto, mmawa muione, ndipo mabawuti aja mudzawakhudzenso ndi tishu pakatha sabata.