Kodi makona atatu a ku Perth ndi enieni?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo: "Ndaona pa Facebook chithunzi cha chiboliboli cha makona atatu cha ku Perth. Mbali zake zalumikizana m'njira yosatheka. Kodi sanachikonze pa kompyuta?"

Ayi ndithu, chilipo. Brian McKay ndi Ahmad Abas anachiimika ku East Perth, m'dziko la Australia, mu 1999, potengera chojambula chimene katswiri wa masamu Roger Penrose ndi bambo ake a Lionel anachitchukitsa mu 1958. Koma mukachizungulira mupeza kuti nsonga ziwiri za mipiringidzo yake sizikumana n'komwe. Ina ili kutsogolo, ina kumbuyo. Wojambula chithunzicho anangoima pamalo pomwe nsongazo zimaphimbana.

Diso limalandira chithunzi chaphwatalala. Zoti ichi chili pafupi, icho chili patali, amawonjezera ndi ubongo, ndipo ubongo ukaona mizere iwiri yagundana umafulumira kuvomereza kuti yalumikizana. Amisiri a ziboliboli zoterezi amagwiritsa ntchito changu chimenecho.

Marco Cianfanelli anachita zofanana pafupi ndi Howick ku South Africa, pomwe apolisi anagwirira Nelson Mandela mu 1962. Mu 2012 anazikapo mizati yachitsulo 50. Mukaima pambali mumangoona zitsulo zili njo, koma mukafika pa mtunda wa mamita pafupifupi 35 kutsogolo kwake, nkhope ya Mandela imatulukira.

Komabe ine mtima wanga uli pa Richard Serra, mmisiri wa ziboliboli wa ku America yemwe anamwalira mu 2024. Ziboliboli ziwiri zija zili ndi malo ake oimapo, mukawapeza, mwamaliza. Za Serra sizitero. Mu ziboliboli zake zotchedwa The Matter of Time, ku nyumba yoonetsera zaluso ya Guggenheim ku Bilbao, m'dziko la Spain, mumalowa pakati pa makoma achitsulo chadzimbiri aatali mamita pafupifupi 4. M'zina mwa ntchitozi, mkombero wapansi ndi wapamwamba ngofanana, yonse yooneka ngati dzira, koma wapamwambawo anaupotoza, choncho khoma limakuweramirani apa, n'kupendekera kunja mukangosuntha pang'ono. Pansi mpathyathyathya, koma thupi limamva ngati mukupendama, ndipo ena amachita chizungulire. Apa chosokonezeka si diso lokha, ndi miyendo yomwe, chifukwa tinazolowera kudalira makoma oongoka kuti tidziwe ngati taima bwino.

N'chifukwa chake chithunzi chimodzi sichingakuuzeni zambiri za ntchito zoterezi. Fufuzani vidiyo ya munthu akuzungulira chiboliboli cha ku Perth chija, muone pomwe nsonga zija zikulekana.