Achimwene atuluka ku Maula, ndiwagulire njinga ya kabaza?

Funso: Achimwene anga atuluka ku ndende ya Maula komwe anakhala zaka zinayi pa mlandu wakuba. Kumeneko anaphunzira ukalipentala. Ine tangogawana kumene ku banki mkhonde, ndili ndi K600,000. Iwo akuti ndikongole zina tiwonjezere, tigule njinga yamoto azichita kabaza. Ndivomere? Mayi wa ku Kawale.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kuwalandira achimwene anu, chifukwa amuna ambiri akatuluka amapeza abale atawatsekera zitseko. Koma njinga ya ngongole musavomere. Njinga imafuna laisensi, inshulansi ndi kulembetsa, ndipo munthu wongotuluka kumene sayenera kumakumana ndi apolisi pamsewu alibe mapepala. Ikabedwa kapena kulandidwa, ngongole itsala m'dzina lanu.

Mpamba ali nawo kale, ndi luso lija. Chimene alibe ndi anthu owakhulupirira, ndipo ndalama yanu siingagule chimenecho. Kalipentala amayendera dipoziti: kasitomala amapereka theka, mmisiri akagule matabwa. Ndani ku Kawale angapereke dipoziti kwa munthu amene akumudziwa kuti anamangidwa pa nkhani ya kuba? Ndi ochepa, ndipo musawakwiyire. Choncho ntchito zoyamba zikhale zosafuna kusunga ndalama ya munthu. Kasitomala agule yekha matabwa, misomali ndi guluu, achimwene alandire ya manja ntchito ikatha. Apo ayi, akhome timipando, timatebulo ndi mabenchi, aziike pamsewu, wogula aone chinthu chathunthu asanatulutse kwacha. Miyezi yoyambayi apewenso ntchito za m'nyumba za anthu. Foni ikangosowa m'nyumbamo, chala chiloza iwo ngakhale asanaione n'komwe.

Inu mukagule zida, mupite nawo limodzi kumsika: sowo, hamala, puleni, matchizulo, sikweya ndi tepi. Kenako pezani mmisiri wodziwika m'dera lanu amene angawapatse kakona pa shedi yake pa lendi yochepa. Dzina la mmisiriyo ndilo liziwaimira mpaka lawo litamveka. Theka la ndalamazo lisachoke m'manja mwanu, ndi la ana anu ndi geni yanu.

Pali china chimene ambiri amaiwala. Onani ngati chiphaso chawo cha unzika chilipo ndipo sichinathe ntchito. Ngati chinasowa, apite ku ofesi ya NRB, yopereka ziphasozi, kwa DC. Popanda chiphasochi sangalembetse nambala ya foni, Airtel Money kapena Mpamba, sangatsegule akaunti kubanki, ndipo ngakhale ku mabungwe obwereketsa ndalama za bizinesi sangapite nazo patali. Ngati kundende sanapatsidwe satifiketi ya ukalipentala, afunse ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za kuyesedwa luso. A Prison Fellowship Malawi, omwe ali ndi malo ku Balaka othandiza anthu otuluka m'ndende, nawonso ndi oyenera kuwafunsa.

Mukambirane poyera ngati zidazo ndi mphatso kapena ngongole. Ine ndikadakonda ikhale ngongole yopanda chiwongoladzanja, yolembedwa m'kope, yobweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, chifukwa mwamuna amene wakhala zaka zinayi akuuzidwa nthawi yodya ndi yogona amafunika kumva kuti zidazo wazigula yekha. Akabweza miyezi isanu ndi umodzi osaphonya, kope lomwelo mukalionetse ku gulu lanu la banki mkhonde powapemphera malo. Za katapila muwaletseretu lero.