Nyumba ya ku Mufakose, shopu ya ku Magaba ndi wilo yomwe simunalembe

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati munabadwira ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, makolo anu anachokera ku Dedza, ndipo muli ndi shopu ya zitsulo ku Magaba yomwe munailembetsa ngati PBC (Private Business Corporation, kampani yaing'ono) mu 2014. Munamanga ukwati wa kutchalitchi wa setifiketi, koma inu ndi mayiwo munasiyana kale osapita kukhothi, ndipo tsopano mukukhala ndi mayi ena m'nyumba yanu ya ku Mufakose. Mu 2018 munabwereketsa mnzanu madola 2,000 a ku America, mpaka lero sanabweze. Mukufunsa ngati ndalamazo zingabwerere, ngati kampani idakali moyo, komanso amene adzatenge nyumba inu mukadzamwalira.

Za ngongole ndinene mwachidule, chifukwa nkhani yake ndi yowawa. Mu February 2019 boma linatulutsa SI 33, lamulo lomwe linati ngongole zam'dziko muno zomwe zinali m'madola a ku America zisanduka RTGS, ndalama ya dziko lino ya nthawiyo, dola imodzi pa RTGS imodzi. Mu January 2020 khothi la Supreme linavomereza zimenezi pa mlandu wa Zambezi Gas. Kenaka ndalama yatsopano ya ZiG itabwera mu April 2024, ZiG imodzi inasinthidwa ndi ndalama yakaleyo pafupifupi 2,499. Werengerani nokha: madola anu 2,000 aja pa pepala sakwana ngakhale ZiG imodzi. Komanso ngongole wamba imatha mphamvu pakapita zaka 3 osaisumira, pokhapokha wangongoleyo atavomera kuti ali nayo nthawiyo isanathe. Kusuma ndi kutaya ndalama. Ngati mnzanuyo manyazi akadali nawo, khalani naye pansi, mugwirizane mwatsopano, alembe ndi kusainira kuti adzapereka madola angati a ku America ndipo liti. Pangano lililonse lomwe mungapange lero lizitchula mtundu wa ndalama. Lamulo la mu 2023 linalola madola a ku America kugwira ntchito mpaka pa 31 December 2030, choncho pangano lopitirira tsikuli lizinenanso chochita ngati ndalama zasinthanso.

Kampani yanu inalembetsedwa pa lamulo lomwe linafafanizidwa. Kuyambira February 2020 makampani ndi ma PBC akuyendera Companies and Other Business Entities Act, ndipo lamuloli linalamula kuti amene analipo kale alembetsenso, apo ayi akhoza kuchotsedwa m'kaundula. Pitani ku ofesi ya kaundula wa makampani ndi setifiketi yanu mukafunse ngati dzina lanu likadalimo. Mukatero muonenso za ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Popanda chikalata chosonyeza kuti msonkho wanu uli bwino, kampani yokugulani katundu wambiri imakakamizidwa kudula 30 pa 100 iliyonse isanakulipireni.

Tsopano za nyumba, pomwe pagona nkhani yonse.

Pamaso pa lamulo mkazi wanu ndi woyamba uja. Kusiyana nyumba sikuthetsa ukwati, ngakhale papite zaka zingati, ngakhale ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhalirana pansi n'kumvana. Ukwati wa setifiketi wa mtundu uwu umathetsedwa ndi khothi lokha, ndipo salola mitala, ndiye simungamange wina ndi mayi omwe mukukhala nawowa usanathe woyambawo. Anthu ambiri anamva molakwika lamulo latsopano la maukwati la mu 2022. Gawo 41 la lamuloli limazindikira mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi popanda ukwati, ngakhale mmodzi ali ndi banja kwina, koma cholinga chake ndi kugawa katundu awiriwo akamasiyana. Silinawasandutse mayiwa kukhala mkazi wanu wolowa chuma chamasiye.

Mukamwalira lero opanda wilo, chuma chanu chigawidwa kwa mkazi wa setifiketi ndi ana anu onse, a m'banja loyamba ndi a m'nyumba ya pano mofanana, popeza malamulo a dziko saloleza kusala mwana chifukwa choti makolo ake sanakwatirane. Lamulo limapereka nyumba kwa wamasiye amene ankakhalamo pa nthawi ya imfa. Kwa inu, amene ali ndi setifiketi sakhalamo, amene akukhalamo alibe setifiketi. Milandu yotere imakhalitsa ku High Court, ndipo imadya ndalama zomwe ana akanalipirira sukulu.

Mwayi wanu ndi chigamulo cha khothi la Supreme cha mu December 2020 pa mlandu wa Chigwada. Bambo wina anasiyira mwana wake theka lake la nyumba, mkazi wake n'kukasuma. Khothi linati maukwati a ku Zimbabwe saphatikiza chuma cha mwamuna ndi mkazi, choncho munthu ali ndi ufulu wosiyira katundu wake aliyense amene akufuna, ngakhale osamupatsa mkazi kapena mwamuna wake kanthu. Ine chigamulochi ndimachiona kuti chimapweteka amayi ambiri omwe anathandiza kumanga nyumba dzina lawo osalembedwa paliponse, koma ndilo lamulo, ndipo kwa inu likugwira ntchito. Musaiwale kuti mungagawe zanu zokha. Ngati mayi oyambawo dzina lawo lili pa mapepala a nyumba, gawo lawo ndi lawo. Ana aang'ono ndi aliyense amene munkayenera kumusamalira akhozanso kupempha khothi kuti awapatse chithandizo kuchokera pa chumacho, wilo inene zotani.

Wilo si yovuta. Ikhale yolembedwa, musaine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri za zaka 16 kapena kupitirira apo zomwe zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine. Mboni isakhale munthu amene mukumusiyira kanthu, chifukwa akhoza kutaya gawo lake. Mutchule amene adzayendetse chuma, mutchule nyumba ndi nambala yake, ndiponso gawo lanu la mu PBC, popeza nalonso ndi chuma chamasiye. Kope mukhoza kukasungitsa ku ofesi ya Master wa High Court, yoyang'anira chuma chamasiye, komwe abale amakanena za imfa pasanathe masiku 14. Mukadzathetsa ukwati woyamba n'kumanga watsopano, mudzalembe wilo ina, chifukwa kawirikawiri ukwati watsopano umafafaniza wilo yakale.

Musanabwere kwa loya aliyense, tulutsani mapepala onse muwaike pa tebulo: chitupa, setifiketi ya ukwati, ya kampani, ndi a nyumba. Nyumba zambiri za ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa zidakali m'mabuku a khonsolo popanda taitolo, ndipo zina zidakali m'dzina la agogo omwe anamwalira kale. Onaninso kalembedwe ka dzina. Ife a makolo ochokera ku Malawi timapezeka kuti pa chitupa ndife Phiri, ku khonsolo Piri, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumaimitsa fayilo miyezi. Ngati chitupa chanu chidakali cholembedwa kuti ndinu mlendo, gawo 43 la malamulo a dziko a mu 2013 limati wobadwira muno malamulowa asanayambe, wa kholo lochokera ku dziko la SADC, yemwe ankakhala muno nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Kasintheni chitupacho ku ofesi ya kaundula wa nzika musanasaine wilo, kuti dzina ndi nambala zifanane pa mapepala onse.