Kodi opereka magazi tiziwapatsa kangachepe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsogoleri wa achinyamata pa mpingo wina ku Zomba. Dzina sinditchula. Funso lawo ndi ili, mwachidule: "Chaka chatha tinaitana a magazi kudzatenga magazi pa mpingo pathu, koma anthu amene anabwera anali ochepa mochititsa manyazi. Chaka chino wamalonda wina wa mumpingo wati apereka ndalama kuti aliyense wopereka magazi alandire K5,000, kapena tigule njinga yoti tichite mayere. Abusa akukayika. Kodi pali cholakwika? Anthu opita ku maphunziro a mabungwe amalandira alawansi pongokhala pampando, nanga wopereka magazi ake enieni?"

Achimwene, mfundo ya alawansiyo yandiseketsa chifukwa ndi yoona. Koma ndalama ya m'manja ija musapereke. Ndalama za wamalonda wanuyo zilandireni ndithu, ntchito yake ilipo ina, ndipo ndifika pamenepo.

Tiyambire pa tebulo loyamba lija, pamene munthu amakhala ndi namwino asanagone pa bedi. Amamufunsa mafunso ovuta: wadwalapo malungo posachedwa? Ukumwa mankhwala anji? Wagonana ndi munthu watsopano osadziteteza? Ambiri amaganiza kuti mafunsowa ndi mwambo chabe popeza magazi akayezedwa ku labotale. Zoona, amayezedwa: HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, komanso chindoko. Koma makina ali ndi malire. Munthu akangotenga kachirombo, pamadutsa masiku angapo, nthawi zina masabata, makina asanathe kukaona, chikhalirecho magaziwo angathe kupatsira wina. M'nyengo imeneyi mlonda yekhayo amene watsala ndi pakamwa pa wopereka magaziyo.

Tsono taganizani mnyamata amene sanadye kuyambira dzulo, wayenda wapansi kuchokera ku Chinamwali, ndipo akudziwa kuti akayankha "inde" pa funso limodzi abwerera chimanjamanja. Ayankha chiyani? Sindikumuweruza. Inenso njala itandigwira ndikhoza kuiwala zina. Wobwera mwa kufuna kwake akauzidwa kuti "lero ayi, mubwere pakapita miyezi itatu" sataya kanthu, amangoti zikomo n'kumapita. Wobwerera ndalama amataya chakudya cha tsikulo.

Izi si zongoganizira. Ku China, m'chigawo cha Henan, m'zaka za m'ma 1990, alimi osauka ankagulitsa madzi a m'magazi ku malo amene ankagwiritsa ntchito zida mosasamala, ndipo midzi yathunthu inagwidwa ndi HIV. Kale chisanachitike chimenecho, mu 1970, katswiri wina wa ku Britain, Richard Titmuss, anayerekeza dziko lake, kumene magazi ankaperekedwa ulere, ndi America, kumene ambiri ankagulitsa, n'kunena kuti magazi ogula ndiwo ankabweretsa matenda a chiwindi kwambiri. Mu 1975 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO unapempha mayiko kuti azidalira anthu opereka mwa kufuna kwawo, osalipidwa. Bungwe lathu lotenga ndi kusunga magazi la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limayendera mfundo yomweyo. Choncho ngakhale mutakonza maenvulopu, ndikukayika ngati ogwira ntchito akewo angalole kuti agawidwe pafupi ndi mabedi awo.

Palinso china cha kwathu kuno chimene a Titmuss sakanachidziwa. Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu osalakwa kuphedwa? Nkhani ya magazi kuno ndi ya pamtima. Mpaka lero mumamva wina akuti, "Ndikapereke ulere kuti iwo akagulitse?" Tsiku limene mpingo udzayambe kupereka ndalama posinthana ndi magazi, munthu wotereyu adzati, "Mwaona? Ndimanena ine. Ngati akugula, ndiye kuti kwinakwake akugulitsa." Mudzapeza anthu 40 lero, n'kuwononga mbiri imene anthu ena aimanga kwa zaka zoposa 20.

Komabe ndisakunamizeni kuti nkhaniyi akatswiri onse anaitseka. Mu 2013 akatswiri atatu a zachuma, Lacetera, Macis ndi Slonim, analemba mu magazini ya Science kuti pa kafukufuku wambiri wochitikira m'malo enieni operekera magazi, timphatso monga matisheti ndi makuponi ogulira zinthu tinachulukitsa opereka magazi popanda umboni woti magaziwo anaipa. Koma taonani kagawidwe kake: mphatso inkaperekedwa kwa aliyense wofika pamalopo, kaya amutenga magazi kaya amubweza. Wonama sankapindula chilichonse kuposa wonena zoona. Ndipo kafukufuku wambiriyo anachitikira m'mayiko olemera, kumene kuponi ya sitolo sisintha moyo wa munthu. Kwathu kuno K5,000 ndi ndiwo ndi ufa wa pabanja.

Ku Italy wogwira ntchito akapita kukapereka magazi amapatsidwa tsiku lopuma, malipiro ake osadulidwa. Uku sikugula magazi, n'kumuchotsera munthu mtolo. Apa ndi pamene ndikufuna ndalama za wamalonda wanu zipite. Kupereka magazi kuli ndi mtengo wake umene sitiuwerenga: kabaza wopita ndi wobwerera, theka la tsiku osagulitsa pa msika, ganyu amene waphonya. Mayi wa ku mapiri amene akufunitsitsa kupereka koma alibe ya minibasi, mukamutumizira galimoto simunamugule. Pezani lole kapena minibasi izungulire m'mipingo ing'onoing'ono. Phikani chakudya chenicheni, osangoti botolo la chakumwa ndi mabisiketi awiri aja, ndipo adye aliyense wobwera, ngakhale amene wabwezedwa chifukwa magazi ake ndi ochepa. Amene wabwezedwayo mumuthokoze pamaso pa anthu mofanana ndi anzake, kuti pasakhale manong'onong'o akuti "ameneyu amupeza ndi kena kake". Ambiri amabwezedwa chifukwa cha kuchepa kwa magazi kapena kupepuka thupi basi, makamaka atsikana.

Za njinga ija ndaganizira kwambiri. Ngati mayere ali a aliyense amene wafika, opereka ndi osapereka omwe, ngakhale amayi ophika, sindikuona choipa chachikulu. Koma mukati tikiti ya mayere ndi ya yekhayo amene watulutsa magazi, mwabwerera pa vuto lomwe lija, kungoti mwaliveka chitenje china. Ine ndikanakhala inu ndikanagula matisheti kapena zitenje zolembedwa uthenga. Chitenje chimayenda: chimapita ku chigayo, ku maliro, ku sikelo, ndipo kulikonse wina amafunsa kuti "munachipeza kuti?"

Koma pali funso limene simunafunse, ndipo ndi lalikulu kuposa limene mwafunsa. Inu mukuwerenga anthu a tsiku limodzi. Nkhokwe ya magazi siyenda choncho. Magazi ofiira amasungika pafupifupi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako atha ntchito. Magazi ambiri m'dziko muno amachokera kwa ophunzira a m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji, ndiye sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa. Tchuthi cha Khirisimasi chimagwera nthawi ya mvula, pamene malungo akuchulukitsa ana ofunika kuwonjezeredwa magazi, ndipo amayi otaya magazi pobereka sadikira kuti teremu iyambe. Zikavuta, achibale ndi amene amathamangathamanga kufunafuna wopereka. Choncho munthu mmodzi wobwera katatu pa chaka, chaka ndi chaka, ndi wamtengo wapatali kuposa khamu lobwera kamodzi chifukwa cha njinga. Magazi ake ndi odalirikanso kwambiri, popeza amayezedwa pafupipafupi ndipo mwiniwake amadzisamala. Ngati mungathe kusankha tsiku, sankhani la pa tchuthi, ana asukulu atabalalika.

Anzathu a ku Zimbabwe anazindikira zimenezi mu 1989, pamene anayambitsa gulu la achinyamata omaliza sukulu olonjeza kupereka magazi ka 25. Ganizoli linafalikira m'mayiko ambiri ndi dzina loti Club 25, ndipo kuno ku Malawi liliko. Chimene chimawagwira achinyamatawa si envulopu, koma kukhala m'gulu, kudziwika, kuona nambala ikukwera pa khadi. Ku Sweden anachita china chimene chimandisangalatsa: magazi ako akagwiritsidwa ntchito, umalandira uthenga pa foni wokuuza kuti athandiza wodwala. Satchula dzina la wodwalayo. Inu simungathe kuchita chimodzimodzi, koma mungathe kuitana mayi mmodzi wa mumpingo mwanu amene anapulumuka atawonjezeredwa magazi pobereka, ngati iye mwini walola, aime kutsogolo mwana ali kumsana, afotokoze. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu amamvetsa msanga mawu amenewa akamuona munthu wamoyo amene anatapa m'nkhokwemo.

China chaching'ono: chaka chatha abusa ndi akulu a mpingo anapereka magazi? Simunanene, koma ndikukayika. Achinyamata amaona zimenezi. Abusa akayamba kupinda malaya n'kugona pa bedi anthu akuona, mantha a singano ndi nkhani zoti "ukapereka umauma" zimachepa pomwepo. Amatenga pafupifupi mamililita 450, osafika theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha.

Ndalama zikatsala, gulani buku lalikulu lolembamo maina ndi manambala a foni a amene avomera, ndi mayunitsi oti wina aziwaimbira nthawi yawo yobwereranso ikakwana. Pa 14 June, tsiku lokumbukira opereka magazi pa dziko lonse, muwerenge maina awo m'tchalitchi, amene afika kasanu aimirire. Wamalonda wanuyo mumupemphe kuti akhale woyamba kulembetsa m'bukumo, ndipo mudzandilembere kundiuza mmene anayankhira.