Kodi nkhosa yanga ndi ya mtundu wanji?

Funso: Ndinagula kankhosa kakakazi pamsika wa Thondwe, ndipo kanazolowera anthu moti kamagona pakhonde. Mutu wake ndi wakuda, thupi loyera, mchira wonona. Kodi ndi Dorper, nanga kangapikisane pachionetsero cha zaulimi? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Mutu wakuda wokha usakunamizeni. Dorper anapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pokweretsa nkhosa za mitundu ya Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo amadziwika ndi msana wotambalala, ntchafu zodzaza nyama komanso ubweya umene umayoyoka wokha nyengo yotentha. Mchira wononawo ukusonyeza kuti yanuyo ili ndi magazi a Persian kapena a nkhosa zathu zamakolo, choncho mwina ndi yosakanizika.

Zimenezi sizikuchotsani pampikisano, chifukwa oweruza amayang'ananso thanzi, kaimidwe ka miyendo ndi mano. Itseguleni pakamwa kuti mudziwe msinkhu wake: mano awiri akuluakulu akutsogolo, m'munsi, amatuluka ikapitirira chaka chimodzi. Iwengeni ziboda, ipatseni mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo mlangizi wa ziweto wa kwanuko aione musanailembetse. Muiphunzitsenso kuyenda pachingwe, pakuti nkhosa yoleredwa pakhonde imakonda kukakamira mwini wake ikaona khamu.